A HENRY TAYALI, MMISIRI AMENE ANASEMA KHAMU LA ANTHU PA THABWA

Odziwa Cibemba amatiuza kuti dzina lakuti Chibolya litanthauza mudzi umene eni ace anausiya, ndiye kuti bwinja m'cinenero cathu. Koma munthu amene angaime m'mphepete mwa komboni imeneyi kum'mawa kutangofiira angadabwe kuti dzina lotere linafika bwanji pamenepo, pakuti bwinja lace limatulutsa anthu monga momwe culu cimatulutsira inswa mvula yoyamba itagwa. Anyamata a mawilibala, amene anthu a mu Lusaka anawapatsa dzina lakuti Zamcab, amathamangira ku msika wa Soweto kukalandira matumba a mbatata ndi mabokosi a matimati. Amai amatuluka atasenza mabeseni a repu ndi kapenta, ana ali kumsana. Ogulitsa salaula amakoka mitolo yao, alonda a usiku amabwerera kunyumba tulo tili m'maso, ndipo onsewa amapanikizana m'tinjira topapatiza popanda wopatukira mnzace.

Anthu amenewa sajambulidwa kawiri-kawiri. Makamera amakumbukira Chibolya tsiku limene apolisi alowamo kukafuna camba, monga momwe zinacitikira mu 2014, ndipo cithunzi cimene dziko limaona m'mawa mwace ndi ca anyamata ogwidwa atakhazikidwa pansi. Mai wa beseni uja sapezekamo. Cotero mwana wa ku Chibolya amakula akudziwa kuti nkhope ya kwao imaoneka pa pepala pokhapo pali mlandu.

Komatu dziko la Zambia linakhalapo ndi mmisiri amene anayang'ana khamu lotere nalipeza loyenera kusungidwa. Mmisiriyo ndi malemu a Henry Nkole Tayali. Iwo sanali mwana wa Chibolya, ndipo m'makomboni dzina lao silimveka monga amvekera maina a oimba ndi a anyamata a mpira. Koma amene anaonapo zithunzi zao zodinda, zija za anthu othithikana m'nyumba za mowa, m'misika ndi m'miseu, amazindikira msanga kuti anthu ace ndi amodzi-modzi ndi amene amadzuka mbandakuca ku Chibolya, ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George.

UBWANA WA KU BULAWAYO

A Tayali anabadwira ku Serenje pa 22 November 1943. Amene amati kujambula ndi mwambo wobwera ndi azungu ayenera kukumbutsidwa kuti m'dera lomwelo la Serenje muli phanga la Nsalu, limene makoma ace analembedwa ndi utoto ndi anthu akale-kale mzungu asanaponde dziko lino. Koma mwanayo sanakulire pafupi ndi phangalo. Monga mabanja ambiri a ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland masiku amenewo, banja la kwao linatsata nchito kum'mwera, ndipo iye anakulira ku Bulawayo.

Bulawayo wa zaka za m'ma 1950 unali mzinda wa njanji ndi mafakitale. Anthu akuda anali kukhala m'malokesheni monga Makokoba ndi Mzilikazi, kulawirira m'mawa kukagwira nchito kumene sanali kuloledwa kukhala, ndi kubwerera madzulo. Khonsolo ya mzindawo ndiyo inali kuphika ndi kugulitsa mowa wa masese m'malokesheni, ndipo phindu la mowawo ndilo linali kumangira maholo, mabwalo a masewera ndi malo ophunzitsira acinyamata nchito za manja. Ndiye kuti makobiri amene wanchito anali kusiya m'nyumba ya mowa Loweruka ndiwo anali kubwereranso kwa ana ace monga thandizo la khonsolo. Nkhani imeneyi njoseketsa ndiponso njomvetsa cisoni, ndipo tikaona nyumba ya mowa ikubwera kambiri m'zithunzi za a Tayali atakula, sitidabwa nazo. Mkulu wina wa nchito za khonsoloyo, a Alex Lambeth, anaona luso la mnyamatayo namlimbikitsa, kotero kuti zithunzi zace zinayamba kuonetsedwa poyera iye asanakwanitse zaka 20.

Mwa zithunzi za masiku amenewo, cimene cinachuka koposa ndi cochedwa Destiny, liu lonena za tsogolo limene munthu anaikidwiratu. Munthu akaciyang'ana koyamba amasowa poyambira. Anthu ali ponse-ponse: ena asenza, ena akumba, ena akwera, ena angokankhana, ndipo owazinga ndi mzinda wa nyumba zazitali ndi utsi, mzinda umene iwo akuumanga koma suli wao. Palibe mfumu yokhala pakati. Palibe ngwazi yoima patsogolo kuti maso apumulire pa iyo. Mwini nkhani ndi khamu lenilenilo. Mnyamata wa zaka zongofika m'ma 20 anali atapeza kale mutu umene anadzakhala nao moyo wace wonse.

Cithunzico cinagulidwa ndi a Tim Gibbs, mwana wa Sir Humphrey Gibbs, bwanamkubwa uja amene anakana kubvomereza boma la Ian Smith pamene linadzilengeza lodziimira palokha mu November 1965. M'kupita kwa nthawi cinaoloka nyanja kupita ku Britain, ndipo kwa zaka zambiri palibe wa m'malokesheni amene akanatha kuciona.

Mu 1967 a Tayali analowa sukulu ya zojambula ya pa Makerere ku Kampala, m'dziko la Uganda, imene masiku amenewo inali yomveka m'cigawo conse ca kum'mawa kwa Africa. Anatsiriza mu 1971, caka cimene Idi Amin analanda boma kumeneko. Caka cotsatira anapeza thandizo locokera ku West Germany kuti akapitirize maphunziro pa sukulu ya zaluso ya ku Düsseldorf, ndipo anakhala kumeneko mpaka 1975. Ku Germany luso losema cithunzi pa thabwa ndi kucidinda pa pepala linazika mizu kuyambira masiku a Albrecht Dürer, zaka zoposa 500 zapitazo. Kunali kudziwikanso nchito za Mai Käthe Kollwitz, amene anamwalira mu 1945 atatha moyo wao akujambula amphawi a ku Berlin, amasiye a nkhondo ndi ana anjala. Olemba za a Tayali amakonda kuchula maiyu, ndipo munthu akaika zithunzi za awiriwa pamodzi amaona cifukwa cace.

MMENE THABWA LIMABALIRA ZITHUNZI

Popeza ambiri mwa awerengi athu sanaonepo nchito imeneyi ikucitika, nkoyenera kuifotokoza pang'ono. Aliyense amene anapitapo ku ofesi ya boma amadziwa cidindo ca kalaliki: malemba ace ndi otumphuka, amakhudza inki, kenaka amasiya cizindikiro pa pepala, ndipo cidindo cimodzi cimatha kudinda makalata zikwi. Cithunzi ca pa thabwa cimatsata nzeru yomweyo.

Mmisiri amatenga thabwa losalala bwino nalembapo cithunzi cace. Kenaka amatenga kampeni ndi tizitsulo takuthwa tonga timisompho nayamba kusema. Apa ndi pamene pali cinsinsi, pakuti iye sasema cimene afuna kuti cioneke, koma amacotsa cimene safuna. Pali ponse pamene mpeni wadya, pa pepala padzakhala poyera. Pamene mpeni wasiya ndipo padzagwira inki. Akafuna kamzera kakuda ka cikope ca munthu, ayenera kusema mbali iyi ndi mbali iyo, kusiya kamtunda kocepa ngati ulusi. Dzanja likaterereka, kamtundako kapita, ndipo palibe cofufutira cimene cingakabweze. Cinanso ncakuti cithunzi cimatuluka cotembenuka monga nkhope ya pa kalilole: dzanja lamanja pa thabwa limakhala lamanzere pa pepala, ndipo amene aiwala zimenezi nalemba dzina lace molunjika amadzalipeza likuwerengeka cafutambuyo.

Kusema kukatha, amapaka inki ndi kacitsulo kogudubuza kokutidwa ndi mphira, nagoneka pepala pamwamba, nalipanikiza ndi makina. Makina akasowa, msana wa supuni umagwira nchito yomweyo, kungoti umafuna kupirira. Akasenda pepalalo pang'ono-pang'ono kuyambira pa ngodya, cithunzi catuluka. Amapakanso inki, nagonekanso pepala lina. Pansi pa cithunzi ciri conse mmisiri amalemba ndi pensulo dzina lace ndi manambala awiri, mwacitsanzo 7/30, kutanthauza kuti ici ndi cacisanu ndi ciwiri mwa 30 zimene zinadindidwa. Onse 30 ogula ali ndi cithunzi ceni-ceni ca mmisiriyo, palibe amene wagula cotsanzira. Ena m'malo mwa thabwa amagwiritsa nchito lino, cinsalu colimba cija coyala pansi m'nyumba, cimene ndi cofewa kusema. Wofuna mitundu iwiri kapena itatu amasema thabwa la mtundu uli wonse pa lokha, nawadinda motsatizana pa pepala limodzi.

Tadziwa tsono cifukwa cace luso limeneli linagwirizana ndi a Tayali. Mpeni sudziwa kunyengerera. Sungathe kusalaza khungu kapena kukongoletsa mphuno monga icitira burashi, koma umadula mizera yolimba, yakuda ndi yoyera, yonga makwinya a munthu amene wakhala padzuwa zaka zambiri. Ndipo cithunzi ca utoto ndi cimodzi cokha, cimapita kwa wogula mmodzi wa ndalama, pamene thabwa limabala zambiri, ndipo mtengo wa ciri conse umatsika. Mwa maluso onse a zithunzi, limeneli ndilo linali ndi mwai wolowa m'nyumba ya munthu wamba.

LUSAKA AMENE ANAMPEZA

Pamene a Tayali anabwerera ku Zambia, anapeza mzinda wa Lusaka utatupa. Ufulu wa 1964 unali utacotsa malamulo a citupa amene anali kuletsa munthu wakuda kukhala m'tauni popanda nchito, ndipo anthu anali kufika tsiku ndi tsiku kucokera ku Chipata, ku Petauke, ku Mumbwa ndi kwina, namanga nyumba za zidina pali ponse pamene panali malo. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lobvomereza makomboni ena, ndipo ndi ngongole ya World Bank linayamba kuika mipope ya madzi ndi miseu ku Chawama, ku George, ku Chaisa ndi ku Chipata Compound, ndi kupatsa eni nyumba zikalata za zaka 30. Koma mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa pa misika ya kunja, ndipo zaka zotsatira zinali za mizere ya sopo, mafuta ophikira ndi ufa.

Iwo analandiridwa pa Yunivesite ya Zambia, kumene anapatsidwa udindo wa mmisiri wa yunivesite. Ophunzira zikwi-zikwi amene anajambulitsa pafupi ndi cifanizo cochedwa The Graduate tsiku lolandira madigiri ao, cija ca wophunzira wonyamula buku ndi khasu, mwina sadziwa kuti ndi nchito ya manja a a Tayali. Cifanizoco ndico cimene anthu ambiri amaona. Koma ife tiganiza kuti mtima wa mmisiriyu uli m'mapepala akuda ndi oyera aja.

M'mapepala amenewo anthu sanakonzekere kujambulidwa. Akhala mothithikana, mapewa akhudzana, wina akuyankhula ndi manja, wina wawerama pa cikho cace, wina wangoti duu, maso ali kutali. Manja ndi akulu, nkhope nzokumbika, ndipo nthawi zina nkobvuta kudziwa pamene pathera thupi la uyu ndi pamene payambira la mnzace. Mmisiri wina akanawaseka anthu otere, monga acitira ojambula tizithunzi toseketsa m'manyuzipepala. Wina akanawabveka ulemerero wabodza, kuwaimika ngati asilikali a citukuko pa cikwangwani. A Tayali sanacite ziwiri zonsezi. Anawaonetsa otopa, aphokoso, oledzera nthawi zina, koma anthu athunthu, ndipo woyang'ana amadzimva kuti naye ali m'cipindamo, fungo la masese likumufika m'mphuno. M'zithunzi zao za utoto za zaka zotsiriza khamulo linapitirira kusungunuka mpaka nkhope zinasanduka mizera ndi madontho a mitundu, kotero kuti ena anadandaula kuti saonamo kanthu. Koma munthu amene anaimapo pa Lumumba Road ca m'ma 17 koloko, anthu akuweruka, amadziwa kuti khamu likaculuka limaonekadi motero.

Sanali okha pa nchitoyi. Pa koleji ya Evelyn Hone panali cipinda ca makina odindira zithunzi cimene cinakhala ngati mphala ya amisiri. Mmodzi mwa amene anacilimbikira ndi Mai Cynthia Zukas, iwonso mmisiri wa zodinda, mkazi wa a Simon Zukas aja amene boma la atsamunda linawapitikitsa m'dziko lino mu 1952 cifukwa colimbana ndi Federation. M'cipindamo munali kugwira nchito a Fackson Kulya, a David Chibwe, a Patrick Mweemba ndi ena a gulu lochedwa Lusaka Artists Group, amuna amene analibe madigiri a ku Kampala kapena ku Düsseldorf koma anali kudziwa moyo wa m'komboni cifukwa unali wao. Zithunzi za pa lino za a Chibwe, za misika, za ana osewera ndi za anthu oceza pabwalo, lero ndi mboni ya momwe Lusaka anali kuonekera zaka zimenezo.

Koma apa ndi pamene nkhani ipotoka. Luso limene linayenera kulowa m'nyumba ya munthu wamba silinalowemo. Inki ndi mapepala abwino zinali zocokera kunja, pa nthawi imene ndalama zakunja zinali zosowa. Ndipo ngakhale mtengo wa cithunzi codinda unali wotsika pouyerekeza ndi wa cithunzi ca utoto, kwa bambo wa ku Chibolya unali kupikisana ndi thumba la ufa. Ogula anali akazembe, alendo ogwira nchito za mapangano, mabanki ndi mahotela. Mlendo akatsiriza zaka zace zitatu anali kukulunga cithunzi cace napita naco kwao. Motero amai a m'misika ya Lusaka anakapacikidwa m'zipinda za ku Ulaya, kumene palibe anawadziwa, pamene eni ace enieni sanadzionepo.

KU DZIKO LA CISANU

Bvuto limeneli si la Zambia yekha, ndipo kuti tilione bwino tiyenera kupita kutali, kumpoto kweni-kweni kwa dziko la Canada, kumene kumakhala mtundu wa anthu ochedwa Inuit. Kumeneko mitengo simera, nyanja imauma ndi cisanu miyezi yambiri pa caka, ndipo makolo ao anali kukhalira kusaka nyama za m'nyanja ndi kusamuka-samuka. M'zaka za m'ma 1950 moyo umenewo unali kutha. Anthu anali kusonkhanitsidwa m'timidzi ta boma, kumene kunali sitolo ndi sukulu koma kunalibe nchito, mofanana ndithu ndi munthu wocoka ku munda nafika m'komboni.

Pa kamudzi kena kochedwa Cape Dorset, kamene mu 2020 kanabwezeredwa dzina la eni ace lakuti Kinngait, mzungu wina dzina lace James Houston anayamba mu 1957 kuyesa luso lodinda pamodzi ndi amuna a pamenepo, ndipo anapita ku Japan kukaliphunzira bwino. Popeza matabwa kunalibe, anasema pa mwala wosalazidwa. Mu 1959 anatulutsa gulu loyamba la zithunzi, ndipo caka comweco panakhazikitsidwa kopaletivu ya eni mudzi, West Baffin Eskimo Co-operative, imene ikali kugwira nchito. Dongosolo lace nlosabvuta kumva. Munthu amajambula kunyumba kwace, nabweretsa pepala ku kopaletivu, nalandira ndalama zace. Amisiri ena amasankha zithunzi zabwino, nazisema, nazidinda, kawiri-kawiri 50 pa cithunzi cimodzi. Ofesi ya kopaletivuyo ku Toronto imazigulitsa, ndipo caka ciri conse ogula amadikira gulu latsopano. Kamudzi ka anthu osafika 2,000 kanachuka motero pa dziko lonse.

Wochuka koposa anali Mai Kenojuak Ashevak, amene anabadwa mu 1927 m'nyumba ya cisanu namwalira mu 2013. Cithunzi cao ca kadzidzi wa nthenga zotambasuka, ca mu 1960, cinaikidwa pa sitampa ya Canada mu 1970. Kwathu kuno kadzidzi akalira pa denga anthu sagona, koma kumeneko anasanduka cizindikiro ca dziko. Ogula a kum'mwera kwa Canada anakonda zotere: mbalame, zimbalangondo zoyera, alenje a mikondo.

Koma amene afanana ndi a Tayali ndi wa mbadwo wotsatira, Mai Annie Pootoogook, wobadwa mu 1969, mdzukulu wa mmisiri wina womveka, Mai Pitseolak Ashoona. Iwo anayamba kujambulira kopaletivu mu 1997 ndi mapensulo a mitundu, ndipo sanajambule za makolo zimene sanazione. Anajambula zimene zinali m'nyumba: banja likuonera wailesi ya kanema, amai akusankha zakudya m'firiji ya ku sitolo, anthu akudya nyama yaiwisi pansi m'khichini yamakono, mwamuna akumenya mkazi, mkazi akuphwanya mabotolo a mowa kuseri kwa nyumba. Poyamba zinaoneka ngati zosagulika, popeza sizinali zimene alendo anazolowera. Koma mu 2006 analandira mphotho yaikulu ya Sobey, ya madola a ku Canada 50,000, ndipo mu 2007 nchito zao zinaonetsedwa pa cionetsero ca documenta ku Kassel, ku Germany. Mapeto ace anali owawa. Atacoka kwao anakhala ku Montreal ndi ku Ottawa, nagwidwa ndi mowa womwe uja anaujambula, nafika pogona panja ndi kugulitsa zithunzi m'miseu pa mtengo wa cakudya ca tsiku limodzi. Mu September 2016 mtembo wao unapezeka mu mtsinje wa Rideau ku Ottawa. Anali ndi zaka 47.

Kopaletivu sinathe kupulumutsa maiyu, ndipo nazonso zithunzi za ku Kinngait zimathera m'nyumba za olemera a kutali. Pamenepo tifanana. Kusiyana kuli apa: kumeneko cipinda codindira cili m'mudzi momwemo, eni ace ndi anthu a m'mudzimo, ndipo mwana amakula akuona agogo ace akujambula patebulo ndi kulandirapo ndalama. Ncifukwa cace luso linayenda kucokera kwa gogo kufika kwa mdzukulu kwa zaka zoposa 60. Ku Lusaka makina anali ku koleji, m'tauni, ndipo panalibe dzanja lokhazikika logula nchito ya mmisiri mwezi ndi mwezi. Boma la masiku amenewo linalimbikitsa makopaletivu a alimi ndi a omanga nyumba, koma amisiri a zithunzi anatsala akuyenda ndi mapepala ao m'khwapa, kugogoda pa maofesi.

ZIMENE ZINATSALA

A Tayali ndi anzao anaiona ngozi yakuti dziko lidzatsala lopanda zithunzi zace. Mu 1986, caka comwe anthu a ku Migodi anacita cipolowe cifukwa ca kukwera kwa mtengo wa ufa, iwo pamodzi ndi Mai Zukas ndi Mai Bente Lorenz, woumba mbiya, anayambitsa bungwe la Lechwe Trust. Colinga cace cinali kugula nchito zabwino za amisiri a m'Zambia kuti zisatuluke m'dziko, ndi kuthandiza ophunzira. Ena akanati si nthawi yace yoganiza za zithunzi anthu akulira ufa. Koma zikanadikira kuti ufa utsike mtengo, bwenzi lero palibe cotsala.

Iwo sanaone zipatso zace. Anamwalira ku Aachen, ku West Germany, pa 22 July 1987, ali ndi zaka 43, msinkhu umene mmisiri amakhala atangofika pacimace. Pambuyo pa imfa yao bungwe lija linagula cithunzi ca Destiny nkucibweza ku Africa, ndipo tsopano cili m'gulu la zithunzi mazana angapo zimene bungwelo limasunga. Mu 2018 linatsegula nyumba yace yoonetsera pa Lagos Road ku Rhodes Park. Bungwe la amisiri la Visual Arts Council nalonso linacha nyumba yace ya zithunzi ya ku Showgrounds dzina la Henry Tayali.

Nanga ku Chibolya? Manja aluso aliko, ndipo safuna kuwafunafuna. Ndiwo amajambula mitu ya amuna ometedwa bwino pa makoma a mometera tsitsi, nsomba ndi nkhuku pa tuntemba, ndi maina onyada kumbuyo kwa mabasi. Nthawi ya masankho ndiwo amadinda nkhope za opikisana pa malaya. Ambiri a iwo sanamvepo za a Tayali, ndipo nchito yao imakhala mpaka mvula ziwiri kapena zitatu, kenaka mwini sitolo amapakapo laimu. Kuti komboni imeneyi ingatulutse zoposa zimene imanenedwa, anaonetsa kale ndi anyamata obadwira momwemo amene anayambitsa gulu la Circus Zambia, naphunzitsa ana a kwao masewera ogadabuka ndi kuyenda nao kunja kwa dziko. Iwo anafunika malo ocitira masewera ndi mphasa zogwerapo. Wodinda zithunzi amafunika zocepa kuposa pamenepo: tebulo, inki, mapepala, supuni, kampeni, ndi munthu mmodzi womuonetsa kuti cithunzi cimatuluka cotembenuka.

Mphunzitsi wa ku Chibolya wofuna kuonetsa ana ace nchito zimenezi alibe ulendo wautali. Adzadutsa pa msika wa Soweto, adzaoloka Lumumba Road ndi Cairo Road, ndipo basi ya pa Great East Road idzamtsitsa pafupi ndi Manda Hill, pamene Showgrounds ndi Rhodes Park zili poyenda ndi miyendo. Ndi bwino kuyamba wafunsa zimene zapacikidwa mwezi umenewo, popeza zithunzi zimasinthidwa ndipo za a Tayali sizikhala pa khoma nthawi zonse.